KULEZA MTIMA POGULA MANKHWALA KU FAMASE

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu mwafala dandaulo limene limamveka m'maofesi, m'zipinda za aphunzitsi ndi m'maminibasi momwe, lakuti nyumba zogulitsa mankhwala, zimene anthu amazitcha mafamase, zimasunga anthu nthawi yaitali. Odandaula amati munthu amapereka kapepala ka dokotala pa kauntala, ndipo wogulitsa amalowa nako kuseri nakhala komweko mphindi zambiri, chonsecho mankhwala ali poonekera pa alumali. Ena amagogoda pa kauntala ndi makiyi a galimoto, ena amakweza mau, ndipo ena amalanda kapepala kao natuluka ali kulalata.

Phokoso lotere limachuluka pa ola la nkhomaliro ndiponso kumapeto kwa mwezi, pamene malipiro atuluka. Imeneyi ndiyo nthawi imene anchito a Boma ndi aphunzitsi amapeza mpata ndi ndalama zogulira mankhwala, kotero nkhaniyi ikuwakhudza iwo koposa ena onse. Dandaulo lao liyenera kumvedwa, pakuti munthu amene wasiya mwana wotentha thupi kunyumba, kapena wasiya kalasi lopanda mphunzitsi, sangadzudzulidwe poyang'ana koloko. Koma kuyeneranso kudziwika kuti mphindi zimene wopereka mankhwala amatha kuseriko ndizo chitetezo chotsiriza pakati pa cholembera cha dokotala ndi pakamwa pa wodwala, ndipo amene amazidula amadziika yekha pangozi pamodzi ndi ana ache.

Zimene zimachitika kuseri kwa kauntala

Famase imasiyana ndi golosale. M'golosale wogula amatchula chimene afuna, kaya shuga kaya sopo, ndipo akapatsidwa cholakwika amakabweza m'mawa mwache. Mankhwala akamezedwa sabwezedwa. Chifukwa chache lamulo limafuna kuti famase iliyonse iyang'aniridwe ndi katswiri wa mankhwala wolembedwa m'kaundula, ndipo katswiriyo ali ndi nchito zingapo zimene ayenera kuchita pa kapepala kalikonse asanapereke ngakhale piritsi limodzi.

Nchito yoyamba ndiyo kuwerenga. Madokotala ambiri amalemba mothamanga, pakuti naonso ali ndi mzere wa odwala pakhomo, ndipo pali mankhwala amene maina ao amafanana kwambiri. Chlorpromazine ndi mankhwala a matenda a misala, pamene chlorpropamide ndi mankhwala otsitsa shuga m'magazi. Dzanja lothamanga likhoza kulemba maina awiriwa mofanana, ndipo munthu wopanda matenda a shuga akamwa mankhwala otsitsa shuga akhoza kukomoka, kapena kufa kumene. Kadontho kakang'ono pakati pa manambala kalinso ndi mphamvu yomweyo: 0.5 akawerengedwa ngati 5, wodwala walandira muyeso wochuluka kakhumi. Pamene katswiri akayikira chilembo, chimene ayenera kuchita ndicho kuimbira foni dokotala amene analemba. Wogula amene waima kunja amaona munthu ali pa foni naganiza kuti akucheza, pamene kwenikweni akufunsa za moyo wa wogulayo.

Nchito yachiwiri ndiyo kuona muyeso, makamaka pa ana. Mankhwala a malungo otchedwa LA amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Mwana wa makilogalamu 5 kufikira 14 amamwa piritsi 1 nthawi iliyonse, wa 15 kufikira 24 amamwa 2, wa 25 kufikira 34 amamwa 3, ndipo munthu wa makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa 4, kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Bambo amene wabwera ndi kapepala koma sadziwa kulemera kwa mwana wache amachedwetsa nchito iye mwini, pakuti katswiri sangaombeze. Mwana akapatsidwa muyeso wochepa malungo samatha, ndipo akapatsidwa wochuluka thupi lache limabvutika. Palinso mankhwala a ana monga amoxicillin amene amabwera ngati ufa m'botolo, ndipo ayenera kusakanizidwa ndi madzi oyera a muyeso wache weniweni. Madzi akachuluka kapena kuchepa, sipuni iliyonse imene mai adzapatsa mwana kwa masiku onsewo idzakhala yolakwika.

Nchito yachitatu ndiyo kufunsa za mankhwala ena amene wodwala akumwa kale, pakuti mankhwala ena amadana m'thupi. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 a paracetamol pa tsiku, ndiwo mapiritsi 8 a mamiligalamu 500. Koma mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol m'kati mwache, kotero munthu amene akumwa Panado pamodzi ndi mankhwala a chimfine akhoza kuononga chiwindi chache osadziwa. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno amamwa mankhwala amene muli dolutegravir, ndipo dolutegravir salowa bwino m'magazi akamwedwa nthawi imodzi ndi mankhwala oziziritsa chilungulira monga magnesium trisilicate. Rifampicin, amene amachiza chifuwa chachikulu, amafooketsa mapiritsi olerera. Brufen akhoza kutukusira zilonda za m'mimba ndi kubvulaza impso zofooka. Doxycycline sayenera mai woyembekezera, ndipo womwa Flagyl ayenera kuleka mowa. Zonsezi sizilembedwa pa mphumi pa wogula. Katswiri amazidziwa pofunsa, ndipo kufunsa kumafuna nthawi.

Pambuyo pache pamatsala kuwerenga mapiritsi, kuona tsiku limene mphamvu yao idzatha, kulemba dzina la wodwala ndi kamwedwe pa kathumba, kulowetsa zonse m'buku kapena m'kompyuta, ndi kuonanso kachiwiri ngati chimene chili m'kathumba chikugwirizana ndi chimene chili pa kapepala. Kwa iwo amene amalipira kudzera m'mabungwe a inshuwaransi ya chipatala palinso mapepala ao oyenera kulembedwa. Potsiriza katswiri ayenera kufotokozera wogula pamaso: kuti awa amwedwe atadya, awa asanadye, awa amalizidwe onse ngakhale wodwala apeze bwino. Kapepala kamodzi kokhala ndi mitundu inai ya mankhwala ndi nchito zinai zosiyana, ndipo pamaso pa kapepalako pamakhala mapepala a anthu ena amene anafika poyamba.

Mtengo wa liwiro

Kulakwitsa popereka mankhwala ndi bvuto la dziko lonse la pansi, losasiya ngakhale maiko olemera. M'chaka cha 2017 bungwe loona za umoyo la World Health Organization linayamba nchito yapadera yotchedwa Medication Without Harm, yofuna kuchepetsa ndi theka ngozi zoopsa zobwera chifukwa cha kulakwitsa kotere m'zaka 5. Bungwelo linawerengera kuti zolakwa za mankhwala zimaonongetsa ndalama zokwana madola 42 biliyoni chaka chilichonse. Mwa zinthu zimene zimabweretsa zolakwazi muli kutopa kwa anchito, kuchepa kwao, ndi kusokonezedwa ali pakati pa nchito.

Mfundo imeneyi owerenga tsamba lino safunikira kuifotokozeredwa kwambiri. Kalaliki wa ku ofesi ya malipiro amene akuphatikiza mzere wautali wa manambala amadziwa chimene chimachitika wina akamuitana ali pakati: amayambiranso pamwamba, kapena akapanda kutero amalipira munthu ndalama za mnzache. Mphunzitsi amene akuwerengera malikisi a mayeso amatseka chitseko kuti ana asamsokoneze. Wopereka mankhwala amene akuwerenga mapiritsi 60 a mwezi wathunthu alibe chitseko chotseka, ndipo aliyense wofunsa kuti "Kodi zanga zatheka?" amamubweza poyambira. Chotero wofulumiza amatalikitsa mzere umene iye mwini waimamo. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Palinso choipa china chimene sichioneka msanga. Pamene anthu a pambuyo akanikiza ndi kung'ung'udza, wodwala amene ali pa kauntala amachita manyazi. Mai amene akumwa ma ARV sangatchule zimenezo pamene anansi ache ndi anzache a ku ofesi amuunjirira pamsana. Mtsikana amene ali ndi pakati sanganene, ndipo nkhalamba imene sinamvetse kamwedwe imangobvomera kuti ichoke msanga. Amabwerera kwao ndi mankhwala abwino koma opanda uphungu, ndipo safunsa anadya phula. Munthu wosaleza mtima samangodzibvulaza yekha, amalandanso mnzache wa patsogolo mpata wolankhula momasuka.

Ofuna mankhwala popanda kapepala

Gulu lina la osaleza mtima ndi la iwo amene safuna nkomwe kuyamba apita kwa dokotala. Amafika natchula dzina la mankhwala, kawirikawiri amoxicillin, Bactrim kapena LA, ndipo akauzidwa kuti akayambe ayezedwa amapsa mtima nati ndalama ndi zao. Mwa chisoni, ambiri a iwo ndi anthu ophunzira, amene amadziwa maina a mankhwala pa Chingerezi nayesa kuti kudziwa dzina ndiko kudziwa matenda. Ena amagula makapisozi a masiku awiri okha, naleka pamene mutu wasiya kupweteka.

Dziko la Malawi linaona kale kumene njira imeneyi imathera. Kwa zaka zambiri chloroquine anali mankhwala a malungo otsika mtengo ndi opezeka m'golosale iliyonse, ndipo anthu ankamwa pa kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, kawirikawiri osamaliza muyeso. Tizirombo ta malungo tinafika posamumva, kotero kuti mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kutenga SP, amene anthu amamudziwa ndi dzina la Fansidar. Zaka 14 zokha zitapita, mu 2007, SP nayenso anali atafooka, ndipo Boma linabweretsa LA. Mankhwala atsopano aliwonse amakhala okwera mtengo kuposa akale. Lero kuyeza malungo ndi dontho la magazi la pa chala kumatha mphindi 15 kapena 20. Munthu amene amakana mphindi zimenezi namwa LA pa chimfine amasiya matenda ache enieni osachizidwa, naononga mankhwala amene mtundu wonse ukudalira.

Pa mankhwala opha mabakiteriya zinthu nzoopsa koposa. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza polandira mphotho ya Nobel mu 1945 kuti munthu womwa muyeso wosakwanira amaphunzitsa tizirombo kupirira mankhwalawo. Chenjezo lache lakwaniritsidwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu 1.27 miliyoni pa dziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa kumwera kwa Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Umboni ulinso pakhomo pomwe. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene amayeza magazi a odwala pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anaonetsa mu 2017 kuti mwa tizirombo ta mtundu wa Klebsiella topezeka m'magazi, tosamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 tinali titaposa 90 pa 100. Tizirombo timeneti timagwira makamaka makanda ongobadwa kumene ndi odwala ofooka. Katswiri amene amakana kugulitsa makapisozi popanda kapepala, ngakhale ataya ndalama pakutero, akutumikira makandawo.

Amene amatuluka m'famase mokwiya kawirikawiri amakathera kwa ogulitsa a mumsika, kumene kulibe mzere, kulibe mafunso, ndipo mapiritsi amakhala padzuwa tsiku lonse. World Health Organization inanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse pamapezeka 1 wachinyengo kapena wosakwanira mphamvu. Wogula mumsika sadziwa kumene mankhwalawo anachokera, ndipo akadwala nao alibe kokadandaula.

Mbali yoona ya dandaulo

Zonsezi sizitanthauza kuti kuchedwa kulikonse kuli ndi chifukwa chabwino. Pali mafamase amene amaika munthu mmodzi pa kauntala pa ola la nkhomaliro, chonsecho eni ache akudziwa kuti ndiyo nthawi imene anthu amachuluka. Pali ena amene amasunga munthu theka la ola namuuza pamapeto kuti mankhwalawo kulibe, chinthu chimene akanamuuza pa mphindi yoyamba. Pali anchito ena amene sapereka moni, sayang'ana wogula kumaso, ndipo amatumikira anzao odziwana nao kudumpha mzere. Munthu akadikira osauzidwa chimene akudikira mtima wache umawawa, ndipo mwa njira imeneyi eni mafamase amadziitanira okha phokoso.

Mankhwala ache a bvutoli ngosakwera mtengo. Wolandira kapepala aone pomwepo ngati mankhwala onse alipo, ndipo auze wogula kuti adikira mphindi zingati. Pakhale benchi la okalamba ndi amai oyembekezera, sikelo yoyezera ana, ndi kangodya kobisika kumene wodwala angalankhule ndi katswiri popanda makutu a anthu. Ogula sopo ndi mafuta odzola akhale ndi mzere wao wosiyana ndi wa mapepala a dokotala. Mwana wodwala kwambiri atumikiridwe poyamba, ndipo chikwangwani chinene zimenezo poyera kuti pasakhale mkangano. Madokotala naonso athandize polemba dzina la mankhwala ndi zilembo zooneka bwino, ndi kulemba zaka ndi kulemera kwa mwana pa kapepala.

Kuyeneranso kubvomerezedwa kuti mizere ya m'mafamase imatalika pamene mankhwala ena asowa m'zipatala za Boma, kumene amaperekedwa mwaulere. Wodwala amene wakhala m'mawa wonse pa benchi la chipatala, nauzidwa kuti akagule yekha, amafika ku famase mtima utatha kale. Kuonetsetsa kuti mankhwala akufika m'zipatala pa nthawi yache ndi nchito imene Unduna wa za Umoyo ndi nkhokwe ya mankhwala ya Central Medical Stores Trust ayenera kuigwira mosatopa, pakuti ikayenda bwino mizere yonse iwiri idzafupika.

Zimene Boma lachita

Muzu wa bvutoli ndi kuchepa kwa akatswiri. Kwa zaka zambiri chilandirire ufulu mu 1964, Mmalawi wofuna digiri ya za mankhwala anayenera kukaphunzira kunja, ndipo si onse amene ankabwerera. Mu 2006 sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuphunzitsa digiri imeneyi m'dziko momwe muno, ndipo maphunzirowo akupitirira pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba nchito mu 2021. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa othandizira akatswiriwo. Katswiri saphunzitsidwa m'chaka chimodzi, ndipo chiwerengero cha anthu chikukula, kotero padzapita nthawi kuti akwanire.

Pa mbali ya malamulo, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2019 bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board ya lamulo la 1988. Bungweli limalemba akatswiri m'kaundula, limapereka ziphaso kwa mafamase, limayendera nyumba zogulitsa mankhwala, ndipo limabvomereza mankhwala oyenera kulowa m'dziko. Mu 2017 Boma linakonzanso ndondomeko ya dziko yolimbana ndi tizirombo tosamva mankhwala. Wogula amene wachitiridwa zosayenera, kapena waona famase ikugulitsa mankhwala otha mphamvu, ali ndi khomo loyenera kugogoda, ndilo la bungwe limeneli. Kukalipira mtsikana wa pa kauntala sikukonza kanthu. Koma malamulo onsewa adzakhala mapepala chabe ngati ogula eni ache apitiriza kuumiriza anchito kuwaphwanya, pakuti famase imene imataya makasitomala chifukwa chotsata lamulo imayesedwa kuti ilisiye.

Udindo wa anthu ophunzira

Pali zambiri zimene wogula angachite kuti nthawi yache isatayike. Anyamule buku la kuchipatala la wodwala, adziwe kulemera kwa mwana, ndipo atenge mapaketi a mankhwala ena amene wodwala akumwa kuti katswiri awaone ndi maso. Odwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu, amene amamwa mankhwala mwezi ndi mwezi, asadikire kuti piritsi lotsiriza lithe. Akhoza kusiya kapepala m'mawa popita ku nchito ndi kudzatenga mankhwala madzulo poweruka. Akuluakulu a maofesi ndi a masukulu athandize polola wanchito amene ali ndi wodwala kutuluka nthawi ina yosakhala ya nkhomaliro, pakuti theka la ola limene ofesi itaya lero ndi laling'ono poyerekeza ndi masabata amene idzataya wanchitoyo akagonekedwa m'chipatala.

Koposa zonse, anchito a Boma ndi aphunzitsi akumbukire kuti anthu amawayang'ana. Mlimi wochokera kumudzi akaona bwana wobvala tayi akulalatira wopereka mankhwala ndi kulandira makapisozi popanda kapepala, amaphunzira kuti ndiko kachitidwe kache. Akaona bwana yemweyo ataima pa mzere, akuyankha mafunso mofatsa, ndi kupatsa mpata mai wobereka mwana wodwala, amaphunziranso. Aphunzitsi ali ndi mwai woposa, pakuti phunziro la kamwedwe koyenera ka mankhwala likaperekedwa m'kalasi limafika m'nyumba zambiri madzulo omwewo, ndipo m'midzi yambiri mwana wa sukulu ndiye amawerengera agogo ache zolembedwa pa kathumba.

Iwo amene amagwira nchito pa mazenera a maofesi a Boma amadziwa kuwawa kwa kutukwanidwa chifukwa chotsata ndondomeko. Ulemu umene amaufuna kwa anthu obwera ku ofesi kwao aupereke kwa anzao a ku famase, amene kulakwitsa kwao sikukonzedwa ndi labala. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mtundu umene ukufuna kuti mankhwala a lero adzachizenso adzukulu ache uyenera kulola katswiri kuwerenga, kufunsa ndi kuyeza kufikira atakhutira, ndipo anthu ophunzira ndiwo ayenera kutsogola pa khalidwe limeneli.